Moto wa m'waya: malangizo kwa ongoyamba kumene zamagetsi

Pa tchuthi cha chaka chatha ndinapeza mlongo wanga wamng'ono akukonzekera mayeso a Fomu 4. Kwathu ndi m'mudzi wina kufupi ndi Mponela m'boma la Dowa, ndipo mawaya a magetsi sanafikeko. Iye ankawerengera kandulo, ikatha n'kuyatsa tochi ya foni ya amayi, zomwe zinkabweretsa mkangano m'mawa uliwonse chifukwa foni inkadzuka itathima. M'nyumba munali batire la njinga yamoto limene achimwene anasiya, komanso kasola kakang'ono ka mawati 10. Ndinaona ngati nkhani yatha kale: ndigula timababu ta LED, ndilumikiza ku batire, mwana awerenge. Ndinaguladi timababu 20 pamsika. Mphindi zisanu zisanathe ndinali nditapsereza titatu. Kalikonse kankangoti phethi, kuwala kwambiri kamodzi, kenako zii, n'kutsala kafungo ka pulasitiki.

Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, ndipo Fizikisi ndinasiyana nayo ku sekondale mosatsanzikana bwino. Zomwe ndifotokoze m'nkhani ino ndinaziphunzira pa benchi ya malume anga, amene akhala akukonza mawayilesi pa tauni ya kwathu kuyambira ndisanabadwe, ndipo zina ndinachita kuwerenga pambuyo pake. Ndazilemba m'Chichewa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene amafuna kwambiri nzeru zimenezi ndi achinyamata a m'midzi ngati wathu, omwe Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chimawatsekereza pakhomo. Chachiwiri, ndinazindikira kuti kulakwitsa kwanga kunayambira m'chilankhulo, kusanafike m'manja.

Nditapita kwa malume ndi timababu takufa tija m'thumba, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti, "Wapha tingati, mphwanga?"

"Titatu, malume. Kaya ndi tachinyengo."

"Timababu tilibe mlandu. Unatipatsa moto wochuluka bwanji?"

Funso limeneli ndinalephera kuyankha, ndipo apa ndi pamene pali vuto lonse. Pa Chichewa timati waya uyu ali ndi moto, moto wabwera, batire latha moto, kapena timangoti mphamvu. Mawu amodzi omwewo akusenza zinthu zitatu kapena zinayi zimene wokonza wayilesi ayenera kuzisiyanitsa. Munthu amene m'mutu mwake muli liwu limodzi lokha loti moto amaganiza kuti funso ndi lakuti moto ulipo kapena palibe, basi. Ndi mmene ndinkaganizira ine.

Chinthu choyamba ndi volteji, imene timayeza m'mavolti. (Ndikulemba mavolti, osati mavoti, poopa kuti wina angaganize zachisankho.) Taganizirani thanki ya madzi imene yaikidwa pamwamba pa nsanja. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankha mwamphamvu pa mpopi, ngakhale mpopiwo uli wotseka. Kukankha kumeneko ndiye volteji. Batire la tochi lili ndi mavolti 1.5, chotchajira foni chimatulutsa mavolti 5, batire la galimoto kapena njinga yamoto lili ndi 12, ndipo magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi mavolti 230. Chachiwiri ndi karenti, kutanthauza kuchuluka kwa madzi amene akudutsadi m'paipi pa sekondi iliyonse. Iyi timayeza m'maampu, ndipo pa tizipangizo ting'onoting'ono timagwiritsa ntchito mamiliampu. Mamiliampu 1,000 ndiwo ampu imodzi. Chachitatu ndi rezisitansi, kupanikiza kwa njira. Paipi yopyapyala imalola madzi ochepa, yaikulu imalola ambiri. Iyi timayeza m'maohmu. Mayina onsewa ndi a anthu: Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800, André-Marie Ampère wa ku France, ndi Georg Ohm wa ku Germany amene mu 1827 anasindikiza lamulo lomanga zinthu zitatuzi pamodzi. Lamulolo ndi lalifupi: karenti ndi volteji kugawa ndi rezisitansi. Mukachulukitsa volteji ndi karenti mumapeza mawati, omwe amatiuza kuchuluka kwa ntchito imene ikugwirika, kapena kutentha kumene kukutuluka.

Fanizo la madzi lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa msanga. Mukadula paipi madzi amatayika pansi, koma mukadula waya karenti imangoima. Magetsi amafuna njira yozungulira, yochoka ku mutu wa pulasi wa batire, kudutsa m'chipangizo, n'kubwerera ku mutu wa mayinasi. Njira yozungulirayi ndi imene malume amaitcha seketi. Switchi ndi kampata chabe kamene timatsegula ndi kutseka m'njiramo. Ndipo njira ikafupika, waya wa pulasi n'kukhudzana ndi wa mayinasi popanda chopanikiza pakati, ndiye shoti imene timaimva anthu akudandaula ija. Rezisitansi ikayandikira ziro, karenti imakwera mpaka waya kufiira.

Tsopano mlandu wa timababu tanga. Babu lakale la tochi lili ndi kawaya kopyapyala kamene kamadzipanikizira kokha karenti. LED siili choncho. Iyo ndi mtundu wa dayodi, chipangizo chimene chimalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo volteji ikangopyola pamlingo wake imatsegula khomo lonse. LED yofiira imayaka pa mavolti pafupifupi 2, yoyera pafupifupi 3, ndipo timababu tating'ono ta mamilimita 5 timafuna karenti yosapitirira mamiliampu 20. Ine ndinapereka mavolti 12 kwa kanthu kofuna 3, popanda choletsa chilichonse. Kanamwa mpaka kuphulika m'kati.

Mankhwala ake ndi rezisita, kachipangizo kotchipa kuposa tonse, kooneka ngati kambewu ka mpunga kokhala ndi mizere yamitundumitundu. Kawerengedwe kake malume anandilembera pa chikatoni cha sopo. Tenga volteji ya batire, chotsapo volteji imene LED imadya, yotsalayo ugawe ndi karenti imene ukufuna. Tinene kuti muli ndi chotchajira cha mavolti 5 ndi LED yoyera imodzi. Kuchotsa 3 pa 5 kutsala 2. Mamiliampu 20 ndi 0.02 ya ampu. Kugawa 2 ndi 0.02 kukupatsani maohmu 100. Nambala imene mwapeza ikasowa pamsika, tengani yokulirapo pang'ono, osati yocheperapo. LED yolandira mamiliampu 15 imawala pafupifupi chimodzimodzi m'maso mwa munthu, koma imakhalitsa.

Pa batire la mavolti 12 kuika LED imodzi ndi rezisita yake n'kuwononga, chifukwa mavolti 9 onse amangosanduka kutentha mu rezisita. Apa ndi pamene ndinaphunzira njira ziwiri zolumikizira. Yoyamba ndi yondondozana, ngati anthu ogwirana manja pamzere: mwendo wa mayinasi wa LED yoyamba ukugwira mwendo wa pulasi wa yachiwiri, yachiwiri igwira yachitatu. Pamenepa karenti ndi imodzi yomweyo mwa onse, koma mavolti amaphatikizana, ndiye ma LED oyera atatu amadya pafupifupi 9. Ndi mmene mabatire amakhalira m'tochi. Awiri ondondozana amapereka mavolti 3. Kuipa kwake n'kwakuti mmodzi akafa mzere wonse umathima. Njira yachiwiri ndi yoti aliyense akhale ndi msewu wakewake kuchokera ku pulasi kukafika ku mayinasi, ngati mipopi ingapo pa thanki imodzi. Pamenepa volteji ndi yofanana kwa onse, koma makarenti ndi amene amaphatikizana.

Nyali ya mlongo wanga inagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Tinapanga mizere inayi, uliwonse wa ma LED atatu ondondozana ndi rezisita yakeyake, kenako mizere inayiyo tinaiika aliyense pamsewu wake. Ine ndinawerengera mavolti 12 n'kupeza maohmu 150. Malume anakana. Anandiyezetsa batire lija ndipo mita inaonetsa 12.6, ndiwo mlingo wa batire lodzadza. Anandiuzanso kuti likamatchajidwa limatha kufika pa 14.4. "Usamawerengere tsiku labwino," anatero, "uziwerengera tsiku loipa." Kuchotsa 9 pa 14.4 kutsala 5.4, kugawa ndi 0.02 kukupereka 270. Tinaika ya maohmu 270. Pa mavolti 12.6 mzere uliwonse umakoka mamiliampu pafupifupi 13, yonse inayi n'kupitirira pang'ono 50. Batire lija linalembedwa 7Ah, kutanthauza kuti pa pepala lingapereke karenti yotereyi kwa maola opitirira 100. Koma batire la mtovu silifuna kukamidwa mpaka kuuma. Mukamalitsitsa kupyola theka kawirikawiri limafa msanga. Ngakhale titatenga theka lokha, mwana wowerenga maola anayi usiku uliwonse atha sabata yonse dzuwa lisanawale n'komwe.

Funso limene ndinafunsa, ndipo ndikudziwa kuti wina afunsanso, ndi lakuti bwanji osangoika rezisita imodzi ya mizere yonse. Yankho ndi lakuti ma LED safanana ndendende ngakhale achokere m'paketi imodzi. Mzere umene umatseguka msanga umalanda karenti yambiri, umatentha, ukatentha umalandanso yochuluka, mpaka umapsa. Ukapsa, katundu wake amagwera otsalawo, nawonso n'kutsatira. Matochi ambiri otchipa amene timababu take timafa kamodzikamodzi amakhala kuti opanga anaumira marezisita.

Za mitundu ya mizere

Rezisita ndi yaing'ono kwambiri moti nambala yake sailemba ndi zilembo. Amaiika m'mizere ya mitundu. Wakuda ndi 0, wabulawuni 1, wofiira 2, waolenji 3, wachikasu 4, wagirini 5, wabuluu 6, wapepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Pa rezisita ya mizere inayi, iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu ukuuzani maziro oti muwonjezere, ndipo wachinayi, umene nthawi zambiri umakhala wagolide, ukunena kuti nambalayo ikhoza kuphonya ndi 5 pa 100 alionse. Mumayamba kuwerenga kuchokera mbali yotalikirana ndi wagolideyo. Ya 270 ndi wofiira, wapepo, wabulawuni: 2, 7, ndi ziro mmodzi.

Mwaona kuti m'ndandandawu ndabwereka mawu angapo, ndipo ndachita dala. Tsiku lina malume anandituma kuti ndiwasankhire rezisita m'chitini. Pofuna kuonetsa kuti ndine wa ku yunivesite, ndinawawerengera m'Chichewa chenicheni: wofiirira, wakuda, wofiirira. Iwo, ali kalikiliki ndi wayilesi, anamva kuti wofiirira, wakuda, wofiira. Yoyambayo ndi maohmu 100, yachiwiriyo ndi 1,000. Phatikizo limodzi lokha, ri, linasintha nambala kakhumi. Anazindikira ataiona m'manja, n'kundiuza kuti pa benchi pawo ndizinena kuti bulawuni ndi redi, Chichewa changacho ndikalembere mayeso.

Zinandipweteka, koma anali ndi mfundo. M'kalasi tinaphunzira za buku la Brent Berlin ndi Paul Kay la mu 1969 lonena za mayina a mitundu m'zilankhulo za dziko lapansi. Iwo anaonetsa kuti chilankhulo chokhala ndi mayina enieni atatu okha a mitundu chimakhala ndi kuda, kuyera ndi kufiira. Chichewa chili ndi atatu amenewa pa maziko ake. Ena timachita kufanizira ndi zinthu, monga chikasu, kapena kutambasula tsinde lomwe lilipo kale, monga kufiirira. Liwu loti kubiriwira anthu ena amalinena pa msipu ndi pa thambo pomwe, pamene pa rezisita girini ndi 5 ndipo buluu ndi 6. Izi sizitanthauza kuti maso a Mchewa saona kusiyana, kapena kuti chilankhulo chathu n'choperewera. Makolo athu analibe chifukwa chogawira mitundu pakhumi. Koma amene akufuna kulemba buku la zamagetsi m'Chichewa ayenera kusankha mayina khumi osasokonezeka ngakhale pamalo aphokoso, ndipo m'maganizo anga kubwereka bulawuni, girini ndi buluu n'kwanzeru kuposa kuumirira mawu amene angapsereze chipangizo cha munthu. Njira ina yothawira mkangano wonsewu ndiyo kuyeza rezisitayo ndi mita, makamaka yakale imene mitundu yake inafwifwa.

Mita imeneyi, imene m'masitolo amaitcha multimeter, ndiyo chinthu choyamba kugula, ngakhale musanagule chowotcherera. Magetsi saoneka, ndiye wopanda mita amangolota. Yotchipa yomwe ikukwanira. Poyeza volteji mumagusa timitengo take tiwiri mbali iyi ndi iyo ya chinthu chimene mukuyeza, seketi ili chiyakire. Poyeza rezisitansi muyambe mwachotsa batire, apo ayi mita ikunamizani kapena iwonongeka. Poyeza karenti mumadula njira n'kuika mita pakati kuti magetsi adutse mwa iyo, ndipo waya wofiira umasamukira ku bowo lina. Ngozi ili apa: mukatha kuyeza karenti n'kuiwala kubweza waya uja, kenako n'kukagusa mitu iwiri ya batire, mwapanga shoti kudzera m'mita yanu yomwe. Mwayi ukakhalapo imapsa ndi fyuzi ya m'kati yokha. Malume ali ndi chizolowezi chobweza wayayo asanaike mita pansi, ngati mmene mlimi amapukutira khasu asanalowe nalo m'nyumba. Palinso malo ena pa mita amene imalira tswii timitengo tikakhudzana. Amenewa ndi ofufuzira waya woduka m'kati, ndipo mudzadabwa kuona kuti zipangizo zambiri zimene eni ake anazitaya kuti zafa vuto lake limakhala waya woduka, switchi yadzimbiri kapena mitu ya batire yodyeka.

Zipangizo zina ndingozitchula mwachidule, kupatula chimodzi. Dayodi wamba, monga 1N4007, imakhala ndi mzere mbali imene karenti imatulukira, ndipo imadya pafupifupi mavolti 0.7, mukaiika pakhomo pa seketi imateteza zinthu tsiku limene wina adzalumikize batire chagada. Pa LED mwendo wautali ndiwo wa pulasi, ndipo miyendo ikakhala yodulidwa kale yang'anani mbali yophwatalala ya mkombero wake, imeneyo ndi ya mayinasi. Tiranzisita, imene John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley anatulukira ku Bell Labs ku America mu 1947, ili ndi miyendo itatu, ndipo karenti yochepa pa mwendo umodzi imalamulira karenti yambiri pa iwiri inayo. Ndi switchi yopanda chala, komanso ndi imene imakweza mawu m'wayilesi. Musaiyambe musanazolowere rezisita ndi LED.

Chofunika kuchedwapo ndi kapasita. (Malume amamuika m'gulu la kalulu ndi kabudula, amati kapasita uyu watupa, ambiri n'kukhala makapasita. Sindinawamvepo akunena kuti tipasita.) Ntchito yake ndi kusunga magetsi pang'ono n'kuwatulutsa msanga, ngati ndowa yoikidwa pansi pa mpopi wotuluka modukizadukiza. Amene amaoneka ngati kachitini ali ndi mbali: mzere wa m'mbali mwake ukuloza mwendo wa mayinasi. Mukamulumikiza chagada, kapena kumupatsa volteji yoposa imene yalembedwa pathupi pake, amaphulika ngati kombola. Posintha wakufa, nambala ya mamaikirofaradi ikhale yomweyo, ya mavolti ikhale yomweyo kapena yokulirapo. Wayilesi ikamang'ung'udza, kapena chipangizo chikamavuta kuyaka, yang'anani makapasita. Amene mutu wake watupa kapena wachucha ndiye wodwalayo.

Koma kapasita ndi amenenso amapha anthu odzidalira. Iye amasunga magetsi ngakhale chipangizo chitazulidwa kukhoma. M'kati mwa chotchajira foni kapena cha laputopu muli kapasita amene amafika mavolti pafupifupi 325, chifukwa 230 ija ndi muyeso wapakati chabe wa magetsi amene amakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, ndipo nsonga yake ndi yokwera kuposa pamenepo. M'mawayilesi akanema akale a chimsana ndi m'ma microwave muli mavolti masauzande. Thupi la munthu silifuna karenti yambiri kuti mtima usokonezeke. N'chifukwa chake zotetezera anthu za m'nyumba zamakono amazipanga kuti zidule magetsi pakangothawa mamiliampu 30 okha, omwe saposa kwenikweni chakudya cha timababu tiwiri. Langizo langa kwa wongoyamba ndi losakambirana: khalani pa mabatire, mavolti 12 kutsika m'munsi. Chilichonse cholowa kukhoma musachitsegule mpaka mutaphunzitsidwa ndi munthu wodziwa, maso ndi maso.

Izi sizikutanthauza kuti mavolti 12 ndi chidole. Sangakugwireni ndi manja ouma, koma batire la njinga yamoto likachita shoti limatulutsa maampu makumimakumi, okwanira kusungunula chikopa cha waya n'kuyatsa moto weniweni. Nyumba imene mlongo wanga amawerengeramo ndi yofolera ndi udzu, ndipo waya tinadutsitsa m'mphepete mwa denga momwe makoswe amayendamo. Malume atamva zimenezi anakana kundipatsa nyali ija mpaka nditaika fyuzi ya ampu imodzi pa waya wa pulasi, pafupi penipeni ndi batire. Fyuzi ndi kawaya kofooka kamene kamadzipereka kuti kapse m'malo mwa nyumba. Ikakhala kutali ndi batire, waya yense wa pakatipo alibe mlonda. Ndipo ikapsa, funani chimene chaipsereza. Chizolowezi chokulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kulowetsa msomali m'malo mwake, n'chimodzimodzi kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba.

Kasola kaja nakonso kanali ndi msampha wake. Ngakhale amati ndi ka mavolti 12, nditakayeza masana kopanda cholumikiza kanaonetsa kupitirira 20. Anthu ambiri kwathu amangolumikiza sola ku batire mwachindunji, ndipo batire laling'ono limawira mpaka madzi kuuma. Pakati pafunika kabokosi kolamulira katchajidwe, kamene ogulitsa amakatcha controller. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi batire latsopano. Polumikiza muyambe ndi batire, sola ibwere pambuyo. Mabatire a lithiamu, monga a m'mafoni ndi aja ozungulira a 18650 a m'malaputopu, ndi okwiya kuposa pamenepa. Amadzadza pa mavolti 4.2 ndipo sayenera kupyola apo, choncho amafuna kabolodi kawokawo kotchajira. Lotupa, lobooka kapena lotentha popanda chifukwa musaliyese n'komwe, ndipo musamaotche chowotcherera pathupi pake.

Kuwotcherera ndi luso la m'manja limene nkhani yolembedwa singaphunzitse mokwanira, koma cholakwa chimodzi chimene aliyense amayamba nacho ndingachitchule. Timasungunula mtovu pansonga ya chowotcherera n'kuudonthezera pa waya wozizira ngati phula la kandulo. Umagwira mwachiphamaso, mawa lake wasiya. Choyenera ndi kugusa nsonga pa miyendo iwiri imene mukulumikiza, kudikira masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kukhudzitsa mtovu pa miyendoyo kuti usungunuke ndi kutentha kwake n'kuyenderera wokha. Polumikizika bwino pamakhala posalala ngati kaphiri. Pakaoneka ngati kampira kongokhala pamwamba, bwerezani. Waya wadzimbiri muyambe mwamupala. Mtovu wamba wa 60/40 umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, ndipo chowotcherera cha mawati 30 chikukwanira. Kumene kulibe magetsi malume amaotcha chitsulo cha nsonga ya kopa pa mbaula, ndipo ntchito imatheka, kungoti LED ndi tiranzisita sizipirira kutentha kwa nthawi yaitali. Utsi wake musaupume, ndipo musambe m'manja musanagwire nsima, poti mtovu ndi poizoni wolowa pang'onopang'ono.

Zipangizo zoyambira siziyenera kudya ndalama zambiri. Wayilesi yakufa ndi sitolo: muli marezisita, makapasita, maswitchi, sipika ndi mawaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anayamba ndi kumasula mawayilesi, ndipo atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009 ndi mufilimu mu 2019, ndipo ambiri amaikamba ngati nkhani ya kulimba mtima. Ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Mabuku amene anabwereka ku laibulale yaing'ono ya kwawo anali a Chingerezi, ndipo iye ankadalira kwambiri zithunzi kuti amvetse mawuwo. Zizindikiro za pa mapu a seketi ndi chilankhulo pachokha, ndipo n'chimodzi ku Kasungu ndi ku Tokyo: mizere iwiri, wautali ndi waufupi, ndi batire, wautaliwo ndiwo pulasi; kabokosi kapena mzere wokhotakhota ndi rezisita; kamuvi kogunda khoma ndi dayodi, ndipo kakakhala ndi timivi tiwiri totuluka ndi LED. Zizindikiro khumi zokha zikukwanira kuwerenga maseketi ambiri a ongoyamba. Jambulani seketi yanu papepala musanagwire waya, ndipo musanamasule chipangizo cha mwini chijambuleni ndi foni, chifukwa pobwezera mutu umakana kuti waya wabuluu anali pati.

Nyali ija tinaimangira m'chivundikiro cha chigubu, kumbuyo kwake n'kumata pepala lonyezimira kuti kuwala kugwere patebulo. Nditailumikiza koyamba mizere itatu inayaka, umodzi unakana. Mtima unagunda kuti ndaphanso ena. Malume sanandithandize, anangondikankhira mita. Ndinayamba ku batire, monga anandiphunzitsira, n'kumatsata njira kachidutswa kachidutswa: pa fyuzi 12.6, pa switchi 12.6, pa mutu wa mzere wokanawo 12.6. LED yoyamba ndi yachiwiri zinali bwino. Yachitatu ndinali nditaiika chagada, mwendo wautali kuloza ku mayinasi. Sinapse, inangotseka njira monga dayodi iliyonse imachitira. Ndinaitembenuza ndipo mzere unayaka.

Mlongo wanga anawerengera nyali imeneyo mpaka tsiku lomaliza la mayeso, ndipo pano amayi anaisamutsira kukhitchini. Sabata yatha anandiimbira foni kuti mzere umodzi wayamba kuphethira chitseko chikamenyetsedwa. Kuphethira kotsata kugwedezeka sikukhala vuto la LED kapena rezisita. Ndi polumikizira pamene mtovu sunagwire bwino, ndipo ndikukayikira pa rezisita ya mzere wachiwiri, pomwe ndinawotcherera chitsulo chitayamba kale kuzizira pa mbaula. Ndawauza kuti asaigwedeze mpaka ndidzafike pa tchuthi, ndipo mtovu ndagula kale.